Wamthenga wa ku Rosettenville

Anandisankha chifukwa cha mawu anga, akuti ndi ozizira,
akuti ndikhoza kulengeza imfa ngati ndikuwerenga mitengo ya katundu.
Dikeledi, mtsikana wa kuyunivesite, sadziwa
kuti m'bungwe lathu la maliro
ndine ndimaimba foni kumudzi.

Akuti kale kwa Agiriki mzinda unkasiya ntchito
kukakhala pamtsetse wa phiri masiku angapo
kuonera mafumu akugwa,
woumba mbiya phewa ndi phewa ndi mkulu wa nkhondo.
Wosauka ankapatsidwa kandalama kolowera,
poti kulira pamodzi inali ntchito ya mzinda
monga kukonza mlatho.
Ndinaseka. Kuno ku Joni ukasiya tebulo lako tsiku limodzi
mawa upeza wina akugulitsapo masokosi.

Komabe Loweruka ndikaweruka pageti la abwana
ndimakwera matakisi awiri
kukafika m'holo ya tchalitchi yonunkha polishi ndi nkhunda.
Oyankhira alipo khumi ndi awiri:
Folomina woluka tsitsi pa Bree,
Twaibu telala, singano zili pakolala,
amayi awiri a ku Bulawayo,
mnyamata wa ku Maputo wosadziwa kuima phee,
ndi Madala Mthethwa, amene chaka chija cha zibonga
ena amati anamuona mumsewu wathu.
Sitifunsana. Timangoponda limodzi,
phazi lamanzere, phazi lamanja.

Zigoba tapanga ndi makatoni a mazira ndi phala la fulawa.
Ife a ku Dedza za chigoba sitiphunzitsidwa:
wovalayo satchulidwa dzina, basi.

Lamulo ndi ili, akutero Dikeledi:
magazi saonekera pabwalo.
Mpeni umagwira ntchito kuseri kwa chitseko,
kenako wamthenga amalowa ali wefuwefu nanena.
Ndinati, nanga kwina zimakhala bwanji?
Mayi ake a Yotamu sanauone moto wa m'chinyumba chija.
Anangomva ine, mayunitsi akutha,
ndikuyamba ndi kufunsa za mvula.

Tsiku la sewero magetsi anazima
mfumu itangotseka zipata za mzinda kuopa alendo,
osadziwa kuti mwana wake watsalira kunja.
Palibe anadzuka.
Foni imodzi inayaka, ina, kenako holo yonse,
timiuni tonjenjemera m'manja mwa landilodi,
mwa wapolisi wosavala yunifolomu,
mwa khansala wa nsapato zosongoka,
mwa anthu amene mapepala awo anatha kalekale.

Ndinalowa.
Mizere ya Chingerezi ndinailoweza miyezi itatu
inandithawa ngati mbewa zikamva khasu.
M'kati mwa katoni munali thukuta ndi mpweya wanga wokha.
Ndiye pakamwa panatuluka zomwe panazolowera:
Pepani. Khalani kaye pansi.
Kodi pali munthu wamkulu pafupi?
Mwana uja watisiya.

Dikeledi anagwira pamutu.
Koma Folomina anayamba, kulira kwa kwawo ku Ntcheu,
amayi a ku Bulawayo anakulandira m'chinenero chawo,
ndipo pansi pa onsewo, ngati galimoto yolemera ikukwera chitunda,
Madala Mthethwa.
Mfumu inaima ndi chisoti chake cha katoni
osadziwa poika manja.

Sindinganene kuti mzinda unasintha.
Khansala anachoka tisanamalize, foni ili kukhutu.
Landilodi lendi akuifunabe pa wani.
Wapolisi anaomba m'manja kwambiri,
ndipo Lolemba ndikamuona ndidzakhotabe njira.

Tikupinda mipando, Madala anandigwira mkono.
Uja unamunena, dzina lake ndani?
Ndinati m'seweromu alibe dzina, ndi mwana wa mfumu chabe.
Anapukusa mutu. Ayi, winayo.

Yotamu, ndinatero. Yotamu Chinkhota.
Anayesa kawiri, lilime likupunthwa pa nkh,
kachitatu anakhoza.
Kenako ananyamula mipando inayi nthawi imodzi,
nkhalamba yotero,
kupita nayo kuseri kwa chitseko.